Kampira Kosayankha Odi

Ine Waisoni Chimkwita ndinalanditsapo dambo lathunthu m'kamwa mwa mafumu awiri, popanda mfuti, popanda loya, ndi lilime langa lokhali, ndipo mafumu onse awiriwo anandigwira chanza pondithokoza. Amene akukayika akhale pansi amve. Ndine munthu amene ndinayamba ndi beseni la zitumbuwa pa depoti ndilibe nsapato, koma lero malole anga amadziwika ndi hutala yokha akamafika pa chipata cha m'malire. Nkhanu za ku Beira ndadya. Ku Dubai ndinakwera nyumba yaitali mpaka makutu kutseka. Ku Joni ndinadya patebulo limodzi ndi mabwana osewera gofu, nditawagulitsa manyowa othira pa kapinga wawo. Koma zimene ndinaziona mu ufumu wa Kwabadwanazo sindinazionenso kwina kulikonse.

Ndinalowa m'dzikomo ndi mabelo a kaunjika, ndipo ndisanatsitse n'komwe katundu anandiwerengera lamulo lalikulu la kumeneko. Mfumu yawo, a Sindilakwa Achitatu, ankakhulupirira kuti luso munthu amabadwa nalo, basi. Lamulolo linkati: "Woyeserera ndi mbala, pakuti akufuna kuba mphatso imene Chauta anaona kuti siyimuyenera." Aliyense wogwidwa akuyeserera chinthu, kaya kuimba, kaya kuthamanga, kaya kusoka, ankapirikitsidwa m'dzikomo tsiku lomwelo.

Zotsatira zake zinali zooneka. Kwaya ya kunyumba yachifumu inkayamba nyimbo ya fuko pamodzi, koma aliyense ankamaliza pa nthawi yake. Laisensi yoyendetsera galimoto ankapatsa munthu amene agogo ake anayendetsapo ngolo. Timu yawo ya mpira ikachinyidwa zigoli zodzaza dengu, wailesi inkalengeza kuti alendowo abera, chifukwa anaonedwa akuthamanga m'mamawa. Ndipo popeza umboni wa kuyeserera ndi thukuta, panali gulu la apolisi amene ntchito yawo inali kununkhiza anthu m'khwapa.

Mmodzi wa apolisiwo ndinamuona ali pa ntchito mu msika wa Tangopenya, pafupi ndi pamene ndinayala kaunjika wanga. Anaima pa benchi ya mayi wina wamfupi, wogulitsa matimati ndi mpiru, dzina lake Mayi Nanzunga. Mayiwo anali atangofika kuchokera ku dimba, dengu lili pamutu.

"Mayi, ichi chikuyenderera pamphumipa n'chiyani?"

"Mame, bwana."

"Mame masana ano?"

"Achedwa. Nawonso saloledwa kuyeserera kugwa pa nthawi yake."

Wapolisi uja anaganiza, nagwedeza mutu kuti n'zomveka, natenga tomato mmodzi n'kumapita.

Kutsidya kunali ufumu wina wotchedwa Khamalokha, wa Mfumu Sagona. Kumeneko misala yake inali yotembenuza. Iwo ankati luso ndi bodza la alesi, chilichonse chimatheka ndi khama. Tambala wa kumeneko ankachita kudzutsidwa ndi anthu. Mphasa ankaikhomera msonkho. Mwana akabadwa wosalira, ankamubwereza mbama mpaka aphunzire.

Pakati pa maufumu awiriwa panali dambo la Ndiwozathu, m'mene Mayi Nanzunga ndi amayi anzawo onse a mu msika anali ndi madimba. Mafumu onse awiri ankati dambolo ndi lawo. Nkhondo inakanika. Asilikali a Kwabadwanazo anali asanawomberepo mfuti chibadwire, poopa lamulo, ndipo a Khamalokha anali atamaliza zipolopolo zonse poyeserera. Choncho mafumuwo, amene anamva kuti anthu akuluakulu akunja amathetsa nkhani zawo pa bwalo la gofu, anapangana kuti dziko lililonse lisankhe katswiri mmodzi. Amene adzalowetse kampira m'dzenje atakamenya kochepa kuposa mnzake, dziko lake lidzatenga dambo. Anagwirizananso kuti kufikira mpikisano utatha, dambolo likhale monga lilili.

A Sindilakwa anaitanitsa bwalo la nduna.

"Ndipezereni munthu wa mphatso yaikulu kuposa onse m'dziko muno!"

Nduna ya zamasewera, a Tambasulani, anagwada mpaka mimba kukhudza pansi, ndipo tsiku lomwelo analengeza pa wailesi kuti onse okhala ndi mphatso zazikulu afike nazo ku nyumba kwawo. Anthu anamva monga momwe anthu amamvera nduna ikatchula mphatso. Mzere unafika ku mlatho: mbuzi, nkhuku, matumba a mtedza, wina mpaka chitseko. A Tambasulani anaunika mphatso zonsezo mosamala kwambiri, nazitsekera m'khola, kenaka anakauza mfumu kuti munthu wa mphatso yoposa onse wapezeka, ndipo mwamwayi wake ndi mwana wa mlongo wawo wa mfumu yomweyo, a Wadyakale.

A Wadyakale anali bambo wonenepa, wofatsa, wa zaka za m'ma fote, amene chinthu cholemera kwambiri chimene ananyamulapo chinali mwendo wa mbuzi yootcha. Umboni wa luso lawo anabwera nawo mzamba wokalamba, amene analumbira kuti mwanayo anabadwa atakunga chibakera, ngati wagwira kale ndodo ya gofu. Bwalo lonse linaomba m'manja.

Nkhaniyo itafika ku msika, Mayi Nanzunga anati, "Anga onse asanu ndi awiri anabadwa atakunga zibakera. Mpaka lero palibe amene wagwira kanthu."

Tsono mukufunsa kuti ine ndinalowamo bwanji. Mu belo lina ndinapezamo chipewa chamandalasi ndi nsapato zoyera za misomali kunsi, ndipo ndinazivala kuti ndikope makasitomala. A Tambasulani, podutsa pa msika ndi galimoto yawo, anaziona naimitsa. Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti gofu ndimamudziwa ngati thumba la buluku langa. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditagwada pamaso pa mfumu.

"Akuti iwe ukhoza kuweruza masewerawa," anatero a Sindilakwa. "Unayesererapo?"

"Wawa, mwini dziko, ine ndinabadwa ndikuimba wenzulo. Mayi anga ankachita kutseka m'makutu poyamwitsa."

Gofu alibe wenzulo, koma mfumu inakondwa kwambiri, nilamula kuti andigulire wenzulo wamkulu. A Mfumu Sagona nawonso anavomera kuti ndiweruze, atamva kuti ndinayamba ndi zitumbuwa.

Litatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, Mayi Nanzunga anabwera pa kaunjika wanga, nayamba kutembenuza madiresi mwa munthu amene sakufuna kugula.

"Ndamva kuti bambo a kaunjika mwakwezedwa."

"Mayi, nyenyezi siibisika. Musade nkhawa, mwina a Wadyakale achita mwayi, dambo likhala lanu."

"Lathu liti? Simunamve wailesi? Akapambana a Wadyakale, mfumu yati idzazula madimba onse, idzale kapinga wochokera kunja, dambo lidzatchedwe Bwalo la Chikumbutso cha Chibakera. Akapambana a kutsidya, a Sagona ati adzalisalaza likhale poyesererapo ana awo kuthamanga."

"Nanga inu mukufuna apambane ndani?"

"Mvula ya matalala."

Anaika pansi diresi, nandiyang'ana m'maso. Apa nthabwala zinali zitatha.

"Achimwene, m'dimba limene lija ndi mmene ndaphunzitsira ana, ndi mmene ndinagulira bokosi la bambo awo. Mpiru wanga watsala pang'ono kuthyoledwa. Kapinga ndidzamuphika ndi chiyani?"

Ine ndine munthu wa mayankho, koma tsiku limenelo ndinangokonza chipewa changa.

M'mawa mwake dziko lonse linakhamukira ku dambo. Poyambira anakonza pamwamba pa chulu chachikulu, ndipo dzenje anakumba kutali uko, pakati pa kabichi wa mayi wina amene ankalira chamumtima. Mafumu awiri anakhala pansi pa matenti oyang'anizana.

Katswiri wa Khamalokha, dzina lake Chikhatho, anali atafika kalekale. Anali munthu wowuma ngati nsungwi, manja ake olimba ngati chikopa cha ng'oma. Ankati anamenya timipira tambirimbiri moti kumudzi kwawo nkhuku zinasiya kuikira mazira poyera. Ndinamuona akuyeserera: ankaloza papaya ali patali, n'kumugwetsa. Ankaloza wachiwiri, n'kumugwetsanso. Mwini mapapaya anachita kukagwada kuti aleke.

A Wadyakale anafika pa machila, nduna zitasenza ndodo zawo. Popeza chulucho chinali mbali ya Kwabadwanazo, ndinagamula kuti ayambe ndi iwo, pakuti mlendo satsogola kulowa m'nyumba mwini ali panja. A Sagona anavomera mosavuta, chifukwa zinapatsa munthu wawo mpata woyeserera kowonjezera.

Ndinaika kampira pa kachikhomo kake, ndinaimba wenzulo. A Wadyakale analandira ndodo, naitembenuza uku ndi uku.

"Amalume, ndigwire mbali iti?"

"Magazi akuuza, mphwanga!" inafuula mfumu. "Anthu inu, penyani luso la kubanja kwathu!"

Magaziwo anawauza mochedwerapo, koma anagwira mbali yoyenera. Anatambasula miyendo, natseka maso, nakweza ndodo, naigwetsa ndi mphamvu zonse za mbuzi zimene anadya pamoyo wawo. Ndodo inalira kuti fyuu! A Wadyakale anazungulira ngati nguli, chipewa chinauluka, lamba anaduka, iwo n'kukhala pansi kuti phwi!

Kampira kanali pomwepo pa kachikhomo, koyera mbee, kosagwedezeka n'komwe.

Dambo lonse linati zii. Ngakhale achule anasiya.

"Waphonya!" anakuwa a Mfumu Sagona atadumpha pa mpando. "Woweruza, werenga! Kamodzi kameneko!"

"Sanaphonye!" anayankha a Tambasulani mothamanga. "Amangoyeserera cha…"

Anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu anali atatuluka kale. Apolisi onunkhiza anayang'anana. A Sindilakwa anaimirira pang'onopang'ono, natembenukira kwa ine.

"Iwe wa wenzulo. Tiuze. Mphwangayu waphonya, kapena amayeserera?"

Tamvani mmene msampha wake unalili. Ndikanati amayeserera, ndiye kuti wolowa ufumu waphwanya lamulo lalikulu pamaso pa dziko, apirikitsidwe, Khamalokha itenge dambo popanda kumenya kampira. Ndikanati waphonya, ndiye kuti ndanena kuti magazi achifumu alibe luso, ndipo mpikisano ukanapitirira mpaka Chikhatho atalowetsa kampira kake m'kabichi muja. Chilango cha wonyoza magazi achifumu chinali kutsekeredwa m'chipinda n'kumakuwerengera malankhulidwe onse a mfumu kuyambira tsiku limene inalongedwa. Akaidi ambiri ankapempha kuti bola awaponyere ng'ona.

Ndinamva madzi akutsika pamphumi panga. Wapolisi wina anayamba kusendera, mphuno ili patsogolo.

"Mame amenewo, asiyeni!" anafuula Mayi Nanzunga ali m'chigulu.

Anthu anaseka pang'ono, ndipo m'kaphindi kameneko lilime langa linadzuka. Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinaomba m'manja mwaulemu.

"Wawa, eni maiko nonse awiri. Ine ndayenda. Ndaona akatswiri a gofu a mitundu yonse, oyera, akuda, aatali, aafupi. Onsewo amangofika n'kumenya kampira ngati akuthamangitsa galu pa nkhokwe. Koma zimene zachitika panozi ndinkangozimva kwa okalamba a masewerawa, sindinkadziwa kuti ndidzaziona ndi maso. Bwanawa sanaphonye. Sanayeserere. Aodira."

"Atani?" anafunsa a Sagona.

"Aodira, wawa. Kodi munthu woleredwa bwino amangolowa pakhomo pa eni ake osanena odi? Ndodo ija podutsa inati fyuu. Nonse munamva. Ameneyo ndi odi wa ndodo kwa kampira. Ulemu woterewu saphunzitsa, munthu amabadwa nawo."

Nkhope ya a Sindilakwa inayamba kusungunuka ngati majarini pa mbatata yamoto.

"Mwamva? Mwamva, anthu inu? Aodira! Ngakhale malemu amalume anga ankaodira chonchi!"

Nthungululu zinabuka. Kwaya inayamba nyimbo ya fuko, aliyense ndi liwiro lake. A Wadyakale, ali chikhalire pansi atagwira buluku, anandiyang'ana ngati ndine mngelo.

"Chabwino," anatero a Sagona mokwiya. "Waodira. Tsopano amenye!"

"Pepani wawa," ndinatero ine. "Munthu akati odi, amalowa asanayankhidwe? Ameneyo ndi wakuba. Tidikire kampira kayankhe."

A Tambasulani, amene anali atangopulumuka kumene ku mawu awo omwe, anathamanga nagwada pa chulu, naika khutu pa kampira. Anamvetsera, maso ali psii.

"Kayankha?" inafunsa mfumu.

"Sikanayankhe, mwini dziko. Koma kakuoneka kuti kamva."

A Sagona anamenya pansi ndodo yawo yachifumu. "Zamisala! Kampira kayankhula liti? N'zosatheka zimenezo!"

Ndinatembenukira kwa iwo ndili chigwadire.

"Wawa, ndikudabwa kumva mawu amenewo kuchokera pakamwa panu. Ine ndinamva kuti ku Khamalokha kulibe chosatheka. Mwamvetsera kangati kuti munene kuti sikayankha? Kamodzi kokha, n'kugwa ulesi? Anthu anu akamva kuti mfumu yawo inagonja isanayese n'komwe, mawa adzuka tambala atalira."

A Sagona anayang'ana anthu awo, anthu awo anawayang'ana. Kenaka anavula chisoti, nakwera chulu, nakankha a Tambasulani, naika khutu lawo pa kampira.

"Tidzamvetsera," anatero atadzuka, dothi lili pa tsaya. "Tidzamvetsera kuposa alesi awa. Mosinthana, osapuma, mpaka kayankhe!"

"Nanga wanga amenye kaye?" anawonjezera mwachinyengo.

"Mlendo salowa mwini nyumba ali pakhomo, wawa. Munavomera nokha."

Ndinaimba wenzulo, mpikisano unaima. Mafumu onse awiri anandigwira chanza, mmodzi chifukwa ndinaonetsa dziko ulemu wa magazi ake, winayo chifukwa ndinamupezera ntchito yosatha.

Tsiku lomwelo a Sindilakwa anakhazikitsa Komiti Yomvetsera Kampira, wapampando wake a Tambasulani, ndi alawansi ya tsiku lililonse limene kampira sikanayankhe. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti madimba apulumuka ndithu. Pamwamba pa chulu anamangapo kadenga ka malata kuti kampira kasanyowe. Tsiku lina mphepo inakagwedeza, a ku Khamalokha anakuwa kuti kayankha, koma komiti inakhala pansi, nigamula kuti kanangotsokomola.

A Wadyakale anapatsidwa mendulo ya Katswiri Wosagonjetsedwa. Anandiitanira kuseri kwa tenti, nandinong'oneza kuti, "Achimwene, kakadzayankha mudzandibise m'lole yanu."

Wovutika anali Chikhatho. Mfumu yake inamulamula kuti asachoke padambo, adikire nthawi yake. Munthu uja kukhala chete sankatha. Mapapaya atatha, anayamba kuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mayi Nanzunga anamuyang'ana, namupatsa khasu.

"Malume, kagwiridwe kake n'komweko. Kungoti ili likagunda pansi timathokoza."

Popeza anali mlendo, ndiye munthu yekhayo m'dambo lonselo amene ankaloledwa kutuluka thukuta poyera. Amayi ankachita kulimbirana. Mizere yake inkawongoka ngati yojambula ndi chingwe, ndipo mpiru wa chaka chimenecho unali wa masamba ngati makutu a njovu.

Kaunjika wanga atatha, ndinakweza zotsala m'lole kuti ndizipita. Injini itangolira, ndinaona Mayi Nanzunga akubwera, atanyamula kanthu m'kansalu.

"Bambo a kaunjika, tsikani. Ine ngongole ya munthu sindikhala nayo."

Ndinatsika ndikukonza kolala. Ndinali nditaganiza kale za mbuzi, kapena dengu lodzaza mpaka kusefukira. Anamasula kansalu kaja pa bonati: mulu umodzi wa matimati. Atatu pansi, mmodzi pamwamba.

"Mayi! Dambo lonse lija? Mafumu awiri? Khosi langa linali pa mpeni, inu mukundipatsa matimati anayi?"

"Mwakhetsa thukuta lochuluka bwanji?"

"Munaliona nokha pamphumi panga!"

"Aja anali mame, dziko lonse linamva. Chikhatho amalima kuyambira m'mawa, ameneyo timamupatsa dengu. Inu munangotsegula pakamwa mawu n'kutuluka okha. Imeneyo ndi mphatso, achimwene, munabadwa nayo. Mphatso sitilipira. Awa ndi a maondo anu, poti munagwada pa chiswe."

Ndinayesa kutsutsa, ine Waisoni Chimkwita amene ndinatseka pakamwa mafumu awiri, koma lilime linakana kudzuka. Mayiwo anandiyang'ana, nachita ngati andimvera chisoni, napisa m'thumba la epuloni, natulutsa kena kakang'ono kophwanyika mbali imodzi, nakaika pambali pa anzake.

"Kabanyira. Asanu. Tathana."